Wailesi yanga ya m'galimoto ikuzima ndikamalankhula, ndipo mayi akunyumba akuopera ana

Funso: Ndangolandira kumene laisensi ya wailesi ya amateur (yoti anthu wamba azilankhulirana pa mafunde, osati ya malonda), ndipo ndagula wailesi ya m'galimoto ya mabandi (madera a mafunde) awiri, 2 m ndi 70 cm, yotulutsa ma watt 50. Ndinailumikiza pa soketi yoyatsira ndudu, ndipo eriyo ya maginito ndinaikhazika pa chivundikiro cha buti. Ndikamangomvera palibe vuto, koma ndikakanikiza batani lolankhulira pa mphamvu yonse, kuwala kwa pa sikirini kumachepa, nthawi zina wailesi imazima n'kuyakanso yokha, ndipo kumbuyo kwake kumatentha kwambiri. Mkazi wanga akuda nkhawa ndi ana athu awiri amene amakhala pa mpando wakumbuyo, akuti mafunde a wailesiyi angawadwalitse. Kodi nkhawa yakeyi ndi yoona? Nanga ndichite chiyani?

Yankho: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu, ndipo munachita bwino kuyamba mwapeza laisensi musanalankhule pa wailesi. Nkhawa ya mayi akunyumba si yoti tiinyalanyaze, ndiiyankha bwinobwino ndi manambala ake. Koma powerenga zimene mwalembazi, chimene chandidetsa nkhawa poyamba si mafunde ayi, ndi soketi ya ndudu ija. Wailesi ikamazima n'kuyakanso ndiye kuti magetsi sakuifika okwanira, ndipo magetsi amene akuperewerawo sakungosowa chabe. Akusanduka kutentha penapake kuseri kwa dashibodi, kumene maso anu sakuona. Kuyambira lero musalankhulenso pa mphamvu yonse mpaka mawaya atakonzedwa. Ngati pali chofunika kulankhula, tsitsani mphamvu ifike pa ma watt 5.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Wailesi za mtundu umenewu anazipanga kuti ziziyendera ma volt 13.8, ndipo zambiri zimalola kuti magetsi akwere kapena atsike ndi 15 peresenti yokha. Kutereku akatsika kupitirira ma volt 11.7 zimayamba kuvuta. Wailesi ikamangomvera imakoka amp imodzi, mwinanso osafika. Mukangokanikiza batani pa ma watt 50, imakoka ma amp 10 mpaka 13 nthawi yomweyo. Tsono soketi ya ndudu m'galimoto zambiri ili ndi fyuzi ya ma amp 10 kapena 15, waya wake ndi woonda, ndipo pulagi imangogunda ndi kansonga kokankhidwa ndi sipuling'i, kamene kamagwedera galimoto ikamadutsa m'mabampu. Waya wakopa wa 0.75 mm² wotalika mamita 6, kuphatikiza kupita ndi kubwerera, mukamadutsa ma amp 12 amataya pafupifupi ma volt 1.7, ndipo ma watt 20 amathera m'wayamo n'kumamutenthetsa. Injini ikakhala yozima, batire lili pa 12.4, wailesi imatsala ndi ma volt osakwana 11, tisanawerengere n'komwe zotayika pa kansonga kaja. N'chifukwa chake sikirini ikuchita mdima.

Wailesi yotereyi imafuna waya wakewake wochokera ku batire. Gwiritsani ntchito waya wofiira ndi wakuda amene anabwera m'bokosi, ndipo ngati ndi wamfupi musamuwonjezere ndi kawaya kalikonse kamene mwapeza. Wa 4 mm² amataya ma volt 0.3 okha pa mtunda womwe uja. Koma nkhani imene ndikufuna muimvetse kwambiri ndi ya fyuzi. Anthu ambiri amaganiza kuti fyuzi ndi yoteteza wailesi, ndiye amaisiya pafupi ndi wailesiyo. Fyuzi imateteza waya, ndipo ikateteza waya yateteza galimoto kuti isapse. Batire la galimoto limatha kutulutsa ma amp mahandiredi angapo, amene amazunguza sitata. Waya wofiira akasupuka n'kukhudza chitsulo cha bodi, mphamvu yonseyo imadutsa mwa iye, amafiira ngati khala m'masekondi ochepa, pulasitiki n'kugwira moto. Gawo lililonse la waya limene lili pakati pa batire ndi fyuzi lilibe choliteteza. Choncho fyuzi ikhale pafupi penipeni ndi batire, chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuchokera pa mutu wake, osati pafupi ndi wailesi kuja.

Ine zimenezi ndinaziphunzira movutikira. Pa galimoto yanga ina yakale ndinadutsitsa waya pa bowo la chitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu, popanda kuikapo labala, ndipo fyuzi ndinaisiya kumapazi, pafupi ndi wailesi. Panapita miyezi zinthu zili bwino. Tsiku lina ndili pa ulendo ndinamva fungo la pulasitiki yopserera, kenaka utsi unayamba kutuluka pansi pa dashibodi. Mphepete mwa bowo muja munali mutadya waya pang'onopang'ono chifukwa cha kugwedezeka. Ndinaima n'kuthamangira kukachotsa waya ku batire, ndipo fyuzi ija ndinaipeza ili bwinobwino, chifukwa shoti inachitikira kumbuyo kwake. Kuyambira pamenepo bowo lililonse lodutsa waya ndimaikapo labala, waya ndimamuveka paipi yofewa ya pulasitiki, ndipo ndimamumangirira kutali ndi ekizozi, malamba a injini ndi china chilichonse choyenda. Fyuzi ikapsa, bwezeranipo ya nambala yomweyo, imene pa wailesi zambiri za ma watt 50 ndi ya ma amp 15. Ikapsanso, fufuzani chimene chikuipsereza. Kuikapo yokulirapo kapena kulumikiza ndi kawaya ndiko kuchotsa chitetezo chonse.

Waya wakuda ali ndi nkhani yakenso. Mabuku ambiri a wailesi amati mawaya onse awiri apite ku batire, ndipo onse akhale ndi fyuzi. Fyuzi ya pa waya wakuda ili ndi chifukwa chake: lamba wokhuthala wolumikiza batire ku bodi akaduka kapena akachita dzimbiri, magetsi a sitata amafunafuna njira ina yobwererera, ndipo njirayo imatha kukhala eriyo yanu, coax (waya wolumikiza eriyo ku wailesi), wailesi ndi waya wakuda uja. Koma galimoto zambiri za masiku ano zili ndi kachipangizo pa mutu wa negetivi wa batire, kamene kamayeza magetsi olowa ndi otuluka kuti kompyuta idziwe mmene ingatchajire batire. Mukamangirira waya pa mutu weniweniwo, magetsi a wailesi amakalambalala kachipangizoko, kompyuta n'kumawerengera molakwika. Pa galimoto yotere, waya wakuda mumumangirire pa bawuti ya pa bodi pafupi ndi batire, pamene pafikira lamba wa batirelo. Onani buku la galimoto yanu, ndipo ngati simunazolowere ntchito yotere, ipatseni munthu wodziwa zamagetsi a galimoto.

Pogwira ntchitoyi, yambani mwamasula mutu wa negetivi, ndipo pomaliza ubwerere ndiwo wotsiriza. Vulani mphete ndi wotchi yachitsulo. Batire limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umayaka ndi kamoto kochepa chabe, ndiye musathethetse moto pamwamba pake. Wofiira ku pozitivi, wakuda ku negetivi, ndipo muonenso kachiwiri musanayatse. Malole ndi mabasi ambiri amayendera ma volt 24, ndiye mukadzafuna kusamutsira wailesi m'galimoto yotere pamafunika chipangizo chotsitsa magetsi kufika pa 13.8. Ngati galimoto ndi ya hybrid kapena yoyendera magetsi, mawaya a mtundu wa olenji musawayandikire n'komwe, muli ma volt mahandiredi. China, wailesi yolumikizidwa ku batire siizima mukachotsa kiyi, choncho tsegulani APO mu menyu ya wailesi kuti izizima yokha ikakhala nthawi yaitali osaigwiritsa ntchito, ndipo muziizimitsa poliza injini kapena pobwereka moto ku galimoto ina.

Za kutentha, mbali ina ndi mmene wailesizi zilili. Pa ma volt 13.8 ndi ma amp 11, wailesi ikudya ma watt pafupifupi 150. Opita ku eriyo ndi 50 okha, ena 100 amatsalira m'kabokosi kakang'onoko. Komanso pa FM mphamvu imatuluka yonse nthawi yonse imene batani lili lokanikizidwa, kaya mukulankhula kaya mwangokhala chete mukuganiza chonena. Choncho zitsulo zoziziritsa za kumbuyo kuja ndi fani yake zizipeza mpweya. Musaitsekere m'kabati ya dashibodi, musaifunditse kapeti, musaiike pamene pamawomba dzuwa tsiku lonse kapena potulukira mpweya wotentha. Tsegulaninso TOT, imene imadula kulankhula nthawi yoikidwa ikakwana, muiike pa mphindi 3. Maikolofoni ikapanikizika pakati pa mipando kapena munthu akaikhalira, wailesi imalankhula yokha inu osadziwa, imatseka repeater (siteshoni yolandira mawu anu n'kuwatumizanso kutali) kwa anthu onse, ndipo imadzitenthetsa mpaka kupsa. TOT imadula zimenezo.

Koma mbali ina ya kutenthako ikhoza kukhala ikuchokera ku eriyo. Wailesi imayembekeza kupeza ma ohm 50 kumapeto kwa coax. Eriyo ikakhala kuti sinagwirizane nayo, gawo la mphamvu limabwerera, ndipo ma transistor otulutsa mphamvu ndi amene amavutika. Bwerekani chipangizo choyezera SWR, nambala yoonetsa kuchuluka kwa mphamvu yobwererayo, chimene chimafika pa VHF ndi UHF (madera amene muli 2 m ndi 70 cm), chifukwa cha mafunde otsika a CB kapena HF sichingakuuzeni zoona pa mabandi amenewa. Yezani pa mphamvu yochepa, bandi iliyonse payokha, zitseko ndi buti zili zotseka. Kuchepera 1.5 ndiye kuti zili bwino. Kupitirira 2, fufuzani. Ikafika pa 3 lekani kulankhula. Eriyo imodzi imatha kugwira mabandi onse awiri chifukwa 435 MHz ndi 145 MHz kuchulukitsa katatu, koma zimenezi sizitanthauza kuti ikakhala bwino pa bandi imodzi ili bwinonso pa inayo. Kawirikawiri vuto limakhala coax yophwanyidwa ndi chitseko, madzi olowa pa cholumikizira, kapena pulagi ya coax, ya PL-259, yosamangika bwino. Ndipo musakanikize batani eriyo isanalumikizidwe, ngakhale kwa sekondi imodzi.

Tsopano tibwere kwa ana. Mayi anena zoona pa chinthu chimodzi chachikulu: eriyo ili pamalo olakwika.

Mafunde a wailesi si ofanana ndi X-ray. Alibe mphamvu yothyola tizigawo ta m'maselo a thupi monga imachitira X-ray, ndipo satsalira kapena kuunjikana m'thupi wailesi ikazima. Chimene chimadziwika bwino ndi chakuti akachuluka amatenthetsa minofu, ndipo ziwalo zimene magazi sayenda kwambiri, monga galasi la m'diso, zimavutika kutaya kutenthako. Thupi la munthu limayamwa mafunde kwambiri m'dera la VHF, chifukwa msinkhu wa munthu ndi kutalika kwa mafundewo sizisiyana kwenikweni. N'chifukwa chake malire a m'dera limeneli ndi okhwima kwambiri. Bungwe la ICNIRP, limene malangizo ake amatsatidwa m'mayiko ambiri, linaika malire a anthu wamba pa ma watt 2 pa sikweya mita imodzi m'dera limene muli bandi ya 2 m, ndipo pa 435 MHz ndi pafupifupi 2.2. Malire amenewa anawaika pansi kwambiri dala. Asayansi anaona kuti thupi limayamba kuvutika ndi kutentha likamayamwa ma watt 4 pa kilogalamu, ndipo malire a anthu wamba ndi 0.08, ndiko kuti kuchepetsa ka 50. Komanso amawerengedwa pa avereji ya mphindi zingapo, osati pa sekondi imodzi. Choncho musadzidye mtima kuti mwina ana avulala kale ndi kulankhula kwapatalipatali kwa masiku apitawa. Koma malirewo alipo kuti tiziwatsatira.

Tengani ma watt 50 ndi eriyo wamba yaifupi, ya theka la mita. Powerengera mwachidule, mphamvu imatsika kufika pa ma watt 2 pa sikweya mita pa mtunda wa pafupifupi mamita 1.8, ngati mukulankhula osapumira. Ngati theka la nthawi mukumvera, mtundawo ndi mita 1.3. Ndi eriyo yaitali ya 5 dBi, imene imasonkhanitsa mphamvu cham'mbali, mtundawo umafika mamita 2.5. Pa ma watt 5 ndi eriyo yaifupi ija, sukwana masentimita 60. Tsono tengani tepi muyeze kuchokera pa eriyo ya pa buti kufika pamene pamakhala mitu ya ana. Pa galimoto zambiri zing'onozing'ono ndi mita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, eriyo ili pa msinkhu wofanana ndi mituyo, ndipo pakati pawo pali galasi lokha. Mafunde amadutsa pa galasi mosavuta. Kuwerengera kumeneku ndi kongoyerekeza, chifukwa pafupi kwambiri ndi eriyo mafunde sayenda mwadongosolo, koma n'kokwanira kutiuza kuti ma watt 50 pa buti, ana ali kumbuyo, si zoyenera.

Mankhwala ake ndi osavuta. Samutsirani eriyo pakati pa denga lachitsulo. Pamenepo mphamvu yambiri imapita cham'mbali pamwamba pa galimoto, ndipo chitsulo cha denga chimatchinga amene ali pansi pake. Chosangalatsa n'chakuti malo omwewo ndi amene eriyo imagwira bwino ntchito kuposa ena onse, chifukwa yakwera, palibe choitchinga, ndipo denga limakhala ngati theka lina la eriyoyo. Mudzaona kuti ma repeater amene mumawapeza movutikira ayamba kumveka bwino. Denga likakhala la galasi, la nsalu kapena la fibre, chitetezo chimenechi palibe, ndiye pamenepo mphamvu yochepa ndiyo njira. Eriyo m'kati mwa galimoto musadzaiyese n'komwe.

Ganiziraninso amene ali panja. Mukaima pamalo a anthu ambiri, wina akhoza kutsamira galimoto mutu wake uli pafupi ndi eriyo, kapena mwana angafune kuigwira. Kugwira eriyo wailesi ikutulutsa ma watt 50 kumawotcha, ndipo bala lake limakhala laling'ono pamwamba koma lolowa m'kati ndi lochedwa kupola. Yang'anani kaye mozungulira musanakanikize. Ngati mumanyamula munthu amene ali ndi pacemaker (kachipangizo kothandiza mtima kugunda) kapena chipangizo china choikidwa m'thupi, afunse dokotala wake za mtunda woyenera, ndipo asanafunse inu muzingomvera akakhala m'galimoto.

Apa ndinene maganizo anga mosabisa. Ma watt 50 simudzawafuna kawirikawiri. Kuchoka pa 5 kufika pa 50 ndi 10 dB, ndipo kwa amene akukumverani kusinthako sikukwana magawo awiri a S pa choyezera mphamvu ya mafunde cha pa wailesi yake. Pa VHF ndi UHF mafunde amayenda pafupifupi molunjika, ndiye chimene chimalamula mtunda ndi kukwera kwa malo ndi zimene zili pakati panu. Phiri likakutchingani, ma watt 50 saliboola, koma mukakwera pamtunda ma watt 5 amafika kutali modabwitsa. Repeater ikamakumvani bwino pa mphamvu yochepa, yowonjezerayo ikungotenthetsa wailesi, kumaliza batire ndi kutsegula ma repeater ena akutali amene simukuwafuna. Ine ndimayamba pa yochepa nthawi zonse, ndimakweza mnzanga akandiuza kuti mawu akudukaduka, ndipo tikamaliza ndimatsitsanso.

Eriyo ya maginito ndi yabwino poyambira, koma imagwa. Mphepo ya lole yodutsana nayo, nthambi ya mtengo kapena mabuleki adzidzidzi zimatha kuichotsa, n'kumalendewera pa coax ikumenya galasi, kapena kuulukira galimoto ya kumbuyo. Ikakhala yaitali ngoziyo imakula. Pukutani fumbi pansi pa maginito ndi pa denga musanaikhazike, ndipo mukadzatsimikiza kuti wailesiyi muikhalitsa, ganizirani zoboola denga n'kuika chomangira cha NMO, chimene sichilowa madzi chikaikidwa bwino. Dziwaninso kutalika kwa galimoto yanu pamodzi ndi eriyo, chifukwa cha magaraji ndi mageti. Tsiku limene mudzafune kuimika mlongoti wautali pambali pa galimoto, yang'anani kumwamba musanaudzutse. Mawaya a magetsi apha anthu a wailesi mwa njira imeneyi. Kukamachita ziphaliwali musagwire eriyo kapena coax, dikirani mvula ipite.

Wailesi yeniyeniyo imangidwe ndi mabawuti pa chitsulo chake. Ikangoikidwa pa mpando kapena pamwamba pa dashibodi, pa ngozi imauluka ngati mwala wolemera kilogalamu kapena kuposa. Isakhale kutsogolo kwa airbag iliyonse, ndipo mawaya asadutse pamwamba pa ma airbag a m'mphepete mwa denga, pamene ambiri amakonda kubisa coax. Musanaboole pansi, suzumirani kunsi kuti muone mapaipi a mafuta, a mabuleki ndi mitolo ya mawaya. Wailesi zambiri za mabandi awiri nkhope yake imachoka, ndiye thupi likhoza kukhala pansi pa mpando pamene pali mpweya, nkhope yokha n'kukhala pamene maso angaione osachoka kwambiri pa msewu. Chingwe cha maikolofoni chisafike pa chiwongolero, pa giya kapena ku mapedulo.

Mukamaliza zonsezi musathamangire pa msewu. Galimoto za masiku ano zadzaza makompyuta oyendetsa injini, mabuleki a ABS ndi zina, ndipo mafunde amphamvu amatha kuwasokoneza, makamaka coax ikayenda limodzi ndi mawaya awo. Imikani galimoto, kokani handibuleki, lizani injini, ndiye lankhulani pa bandi iliyonse ndi pa mphamvu iliyonse uku mukuyang'ana dashibodi. Onani ngati pali nyale yochenjeza imene yayaka, ngati kalilidwe ka injini kasintha, ngati ma wiper kapena ma indicator achita zachilendo. Kenaka pitani pamalo opanda anthu ndi mnzanu wa laisensi, iye azilankhula inu mukuyendetsa pang'onopang'ono ndi kuyesa mabuleki. Chilichonse chachilendo chikaoneka, sinthani njira ya coax kapena malo a eriyo, ndipo musalankhule galimoto ikuyenda mpaka vutolo litatha.

Pa zonse zimene ndalembazi, chimene ndimachiopa kwambiri ndi maso a woyendetsa. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola, galimoto imayenda mamita 22 pa sekondi iliyonse. Masekondi atatu ofufuza CTCSS (tone yotsegulira repeater) mu menyu ndi mamita oposa 60 oyenda osaona kutsogolo, ana aja ali kumbuyo. Wailesi ya mabandi awiri imanyenga kwambiri pamenepa, chifukwa ili ndi mbali ziwiri, ma voliyumu awiri ndi ma squelch awiri (otsekera phokoso pamene palibe wolankhula), ndipo n'zosavuta kuyankha pa bandi yolakwika kenaka n'kuweramira pa sikirini kuti uone chalakwika. Zonse zikonzedwe galimoto ili chiimire: ma repeater a m'njira yanu alowe mu memory pamodzi ndi shift yake (kusiyana kwa pomvera ndi polankhulira), imene pa 2 m ndi 600 kHz koma pa 70 cm imasiyana malinga ndi dziko, ma tone ake ndi mayina oti muziwazindikira msanga. Mabatani osafunika muwakhome. Pa mphambano, podutsa galimoto ina, m'mvula kapena pamene pali anthu oyenda pansi, ikani maikolofoni pansi ngakhale muli pakati pa chiganizo. Aliyense amene amalankhula ali m'galimoto amadziwa tanthauzo la kukhala chete kotereku, ndipo adzakudikirani. Nkhani ikatalika, patukani muime. Malamulo okhudza kugwira maikolofoni uku ukuyendetsa amasiyana dziko ndi dziko, ena amalola, ena amaletsa ngati foni, ndiye fufuzani a kwanu.

Pamalo omwetsera mafuta zimitsani wailesi, monganso mumazimitsira injini. Chitaninso chimodzimodzi pafupi ndi migodi, malo ophwanya miyala kapena pamene akukonza msewu ndi mabomba, chifukwa mawaya a zophulitsira zamagetsi amatha kutola mafunde ngati eriyo. Mukaona chikwangwani choletsa wailesi, chitsatireni osakambirana.

Wailesi yanuyo mwina imamva malo otakata kuposa amene laisensi yanu ikukulolani kulankhulapo, ndipo zina zimalola ngakhale kulankhula kunja kwa mabandi. Bungwe la ITU, loyang'anira kagawidwe ka mafunde a wailesi pakati pa mayiko, linagawa dziko lapansi m'zigawo zitatu. M'chigawo choyamba, momwe muli Africa, Ulaya ndi Middle East, bandi ya 2 m ndi 144 mpaka 146 MHz ndipo ya 70 cm ndi 430 mpaka 440 MHz. Ku America 2 m imafika 148 MHz, ndipo ku United States 70 cm imayambira 420 mpaka 450 MHz. Wailesi yopangidwira msika wina ikhoza kukulolani kulankhula pamene kwanu pali apolisi, ambulansi kapena makampani, choncho tsatirani zimene zalembedwa pa laisensi yanu, osati zimene wailesi ikulola. Pa 121.5 MHz ndi pamene ndege zimaitanira thandizo, pa 156.800 MHz ndi pa zombo, ndipo kusokoneza malo otere kukhoza kutayitsa moyo wa munthu amene simudzamuona. M'kati mwa mabandi athu omwe, 145.800 mpaka 146.000 MHz ndi 435 mpaka 438 MHz ndi malo a ma satellite, si pochezera pa FM. M'chigawo choyamba anthu amaitanirana pa 145.500 ndi 433.500 MHz, akapezana n'kusamukira pena. Mverani kaye musanalankhule, tchulani call sign yanu (dzina lanu la pa wailesi limene lili pa laisensi), ndipo pakati pa kulankhula muzisiya kampata kuti wina amene ali pa vuto athe kulowa.

Mukakonza mawaya ndi kusamutsa eriyo, aitaneni mayi adzaone okha pamene yakhala, ndipo muwaonetse pa sikirini chizindikiro cha mphamvu yochepa kuti nawonso azitha kukukumbutsani ana akakhala m'galimoto. Ndiyeno mundilemberenso manambala atatu: SWR ya pa 2 m, SWR ya pa 70 cm, ndi ma volt amene akufika kumbuyo kwa wailesi pamene batani lili lokanikizidwa pa ma watt 50 injini ikulira. Nambala yachitatuyi ikatsika kupitirira 13, tidzayang'anenso waya ndi zomangira fyuzi.